Jekete la Bambo ndi Tsamba Lomaliza

Ine sukulu ndinalekera panjira, ndiye mundipirire ngati zina ndizifotokoza mokhotakhota. Ntchito yanga ndi yosoka. Ndili ndi makina pakhonde kuno ku Mabvuku, mumzinda wa Harare, ndimasoka mayunifolomu a ana ndi kupinda mathalauza, basi. Koma nkhani iyi yakhala ikundizungulira m'mutu, ndiye ndati ndiilembe momwe ndingathere.

Tsiku limene mwana wanga wamkazi anandiuza kuti amuitana kukakhala pa panelo, tinali pamzere wa pamjigo, zigubu zili ndandanda kutsogolo kwathu. Kwathu kuno mipopi inauma kalekale. Ndinamufunsa kuti panelo n'chiyani. Iye anati kutauni kukhala msonkhano wa anthu okonda nkhani za m'tsogolo, za m'mlengalenga, za zilombo ndi zamatsenga, zimene anthu amalemba m'mabuku ndi kujambula. Ndiye pamsonkhanopo amasankha anthu anayi, amawakhazika patebulo kutsogolo, wina n'kumawafunsa mafunso, gulu n'kumamvetsera.

Ine anthu okhala patebulo kutsogolo ndimawadziwa kutchalitchi ndi ku sosaite ya maliro, ndipo akakuitanira kutebulo loterolo ndiye kuti pali chimene wapalamula.

"Walakwa chiyani?" ndinamufunsa.

"Amayi inu, si mlandu. Ndi ulemu. Akufuna ndikakambe za buku langa."

"Buku lomwe lija?"

Anangokankha chigubu ndi phazi, mzere utasuntha.

Ndiyambe ndafotokoza za bukulo, apo ayi simumva chimene chinandiopsa. Mwana wangayu ndi wamkulu, amagwira ntchito pashopu yosindikiza mapepala kutauni. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndiye analeredwa ndi ine ndi bambo anga. Bambo anga anabwera kuno kuchokera ku Malawi ali mnyamata, anagwira ntchito kufakitale ku Willowvale mpaka msana unapindika. Iwowa ndi amene anamuyambitsa zojambulazi. Ankabwera ndi mapepala otayidwa a kuntchito, kumbuyo kwake koyera, n'kumusongolera pensulo ndi mpeni wawo. Ankakhala awiri pakhonde, iye akujambula, iwo akumunena.

"Galu ameneyu wadya chiyani, akazi anga? Mimba ngati thanki."

Ankamutcha choncho, akazi anga, monga amachitira agogo kwathu poseka ndi mdzukulu. Ana a m'deramo amati sekuru, koma iwo anamuuza ali wamng'ono kuti pakhomo pano palibe sekuru, pali agogo. Chichewa chochepa chimene ali nacho anachitola pakhonde pomwepo, osati kwa ine.

Chinanso ndi ichi. Bambo anali munthu wa gule. Sindinganene zambiri, chifukwa ndine mkazi, komanso sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti tili ana, Loweruka masana ankachoka ndi anzawo, ndipo gule akatuluka pabwalo, bambo sankaoneka pagulu la oonerera. Sitinkafunsa. Tinakula tikudziwa kuti chilombo ndi chilombo, mkati mwake mulibe munthu, ndipo ukakumana nacho panjira umapatuka. Anzathu a Chishona ankathawa akukuwa, Lolemba kusukulu n'kumatinena kuti ndife ana a zvigure, dzina limene iwo amatchula gule. Patapita zaka bambo analowa tchalitchi, za gule anazisiya, koma pakamwa sanatsegulepo mpaka lero.

Tsono mwanayu anajambula buku la zithunzi. Ndi nkhani ya Mabvuku wa m'tsogolo, makombi, maminibasi a kuno, akuuluka m'mwamba, madzi onse ali m'matanki a olemera amene akulendewera m'mitambo. Ndiye m'mapaipi akale ouma aja mumatuluka chilombo chovala zisanza ndi mawaya, chikavina nthaka imang'ambika, madzi n'kutumphuka. Ine ndinalikonda. Koma patsamba lomaliza chilombo chija chatopa, chakhala pachigubu, chavula nkhope n'kuiika pamwendo, ndipo ndi mtsikana wamba wa m'dera lomwelo.

Buku litasindikizidwa, munthu woyamba kumuonetsa anali agogo ake. Ndinali pamakina, ndinkawaona. Ankatsegula pang'onopang'ono, akunyowetsa chala, akuseka makombi aja. Kenaka anafika patsamba lomaliza. Anatseka bukulo, analiika chafufumimba pampando, n'kulowa m'chipinda mwawo. Kuchokera tsiku limenelo ankangoyankha moni. Mwana akati, "Mwadzuka bwanji, agogo?" iwo ankati, "Ndadzuka," basi. Zoti akazi anga zija zinatha. Anakhala choncho miyezi iwiri.

Ndinayesa kumuuza mwanayo kuti achotse tsambalo. Anandiyankha modekha, zimenenso zinandipweteka kwambiri.

"Amayi, ine kusukulu ndinakhala zaka zonse ndikubisa kuti ndife a ku Malawi. Ankati timadya anthu, timagona kumanda. Ndinkafuna aone kuti muli munthu, munthu ngati iwo."

Komatu amene anamuphunzitsa kubisako ndine. Ndine ndinkamuuza pageti la sukulu kuti Chichewa chithere pompano, ukalowa uzilankhula Chishona. Ndinkati ndikumuteteza. Mwina ndinamutetezadi, kaya. Ndinapitanso kwa bambo, iwo anangoti, "Iwe soka zovala zako." Ndiye ndinali pakati, uku bambo, uku mwana. Bambo miyendo inali itayamba kutupa, mapiritsi akuchuluka. Chimene ndinkaopa ine si buku ayi. Ndinkaopa kuti adzapita asanamuitanenso mwanayo momwe ankamuitanira, iye n'kudzakhala nacho chimenecho moyo wake wonse.

Tsiku la msonkhanolo linali Loweruka. Mwana anachoka m'mawa ndi katoni ya mabuku. Ine ndinali ndikuvala kuti ndimutsatire pamene bambo anaima pakhomo la chipinda chawo.

"Undisitire jekete."

Jekete limeneli ndi lotuwa, ndi la kutchalitchi ndi kumaliro, ndipo m'zigongono ndinaligamba kawiri ndi manja angawa.

"Mukupita kuti, bambo?"

"Kumene ukupita iweko. Akuti akalankhula pagulu. Ndikufuna ndikamve ndekha."

Ndinalisita mtima uli m'mwamba. Ndinkaganiza kuti akupita kukamudzudzula pamaso pa anthu. Mukombi kondakitala anawaseka m'Chishona kuti sekuru mwatchena chonchi mukukafunsira ndani. Masiku ena akanamubwezera nthabwala mpaka kombi yonse kugwa ndi phwete, koma tsikulo anangoyang'ana pawindo.

Msonkhanowo unali m'holo yaikulu ya pasukulu ina. Tisanalowe n'komwe ndinaona kuti sindinaganize bwino kubwera nawo. Mwana anandiuza kuti anthu amavala mofanana ndi a m'nkhani zimene amakonda, koma ine ndinkayesa ndi masiketi ndi zipewa chabe. Pamenepo panali anthu a mapiko, a michira, a malupanga a makatoni, ena nkhope zasiliva, ena mitu yathunthu ya zinyama zimene sindinazionepo. Ine poti ndine telala maso anga anathamangira pamisoko. Ena anasoka bwino ndithu, koma wina mpendero wake wonse anaumata ndi guluu, ndinachita kumumvera chisoni.

Bambo anaima. Kutsogolo kwathu kunkabwera chinthu chachitali, chakuda, cha nyanga zopindika, nkhope ngati ya chitsulo. Ndinangomva andigwira pamkono, pomwe ankandigwira ndili kamtsikana, n'kundikokera kukhoma.

"Patuka."

"Bambo, awa ndi ana a eni ake, akungosewera."

"Ndikudziwa. Patukabe."

Tinapatuka, iwo maso ali pansi, mpaka chinadutsa. Ndiye tinkayenda choncho, masitepe atatu kupatuka, masitepe atatu kupatuka. Anthu ankatiyang'ana. Ine manyazi anandigwira, sindinama.

Chipinda cha panelo chinali kumapeto kwa kanjira kena kam'kati. Kunkatentha, mwezi wake uja wa dzuwa mvula isanagwe. Titafika pafupi ndi chitseko tinapeza chanyanga chija chakhala pabenchi, chikupuma movutikira, botolo la madzi lili m'manja. Pafupi panali ana atatu ndi mayi awo, akuchijambula pafoni. Kenaka chinaika botolo pansi, chinagwira nyanga ndi manja awiri n'kuyamba kuzula mutu wonse.

Sindinaonepo bambo akuyenda msanga choncho ndi miyendo yotupa ija. Anavula jekete, analitambasula ndi manja awiri ngati katani, n'kuima pakati pa chinthucho ndi ana aja. Nkhope yawo anaitembenuzira kumbali kuti nawonso asaone. Sanakalipe. Anangoima pamenepo, malaya oyera ali chinyontho kumsana, manja ali m'mwamba.

Ana aja anayamba kusuzumira m'mbali. Mayi awo anawayang'ana bambo kanthawi, kenaka anawakoka ana n'kuchoka nawo. Kuseri kwa jekete kunamveka mawu a mzimayi, m'Chishona, akufunsa ngati walakwitsa china chake.

"Imwani madzi," anatero bambo, osatembenuka. "Imwani bwinobwino, musafulumire. Mukamaliza munene."

Ine ndinali mbali inayo, ndinkamuona. Anali mayi wa zaka ngati makumi atatu, tsitsi lonyowa ndi thukuta. Anandiyang'ana modabwa, ine ndinangomukodolera kuti amwe. Anamwa botolo lonse, anadzipukuta, anabwezera mutu uja, n'kunena kuti wamaliza. Bambo anatsitsa jekete. Chanyanga chija chinaimirira, chitalitali, chinawaombera m'manja mwaulemu ngati momwe amachitira akazi a Chishona, n'kupita. Pambuyo pake tinadzakumana naye panja, anandiuza kuti ndi namwino, amakhala ku Sunningdale, mutuwo anaupanga yekha miyezi itatu.

Ndinawanong'oneza bambo ndikuwathandiza kuvala. "Mwamva kuti ndi mzimayi?"

"Ine sindinaone munthu," anatero, akumanga batani.

Nditatembenuka ndinaona mwana wanga ataima pachitseko, kakhadi ka dzina lake kakulendewera m'khosi. Sindikudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Anatiyang'ana, anafuna kunena kanthu, koma wina anamuitana m'kati.

Tinakhala mzere wachitatu. Anthu anadzaza, ena anakhala pansi, ena mapiko awo akutchinga anzawo. Patebulo panali anthu anayi ndi mabotolo a madzi. Panali bambo wina wandevu wolemba mabuku a maloboti, mayi wina wachikulire wolemba nkhani za njuzu, zija a Chishona amati zimakhala m'madziwe n'kumatenga anthu, bambo wina wopanga masewera a pafoni, ndi mwana wanga kumapeto, wamng'ono pa onse. Woyendetsa zokambiranazo anali mayi wamagalasi, anaima pambali ndi maiki. Anati funso la tsikulo ndi lakuti zilombo za m'nkhani zathu tizizitenga kuti, kunja kapena kwathu konkuno.

Ankalankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chishona, ndiye ine ndinkatola theka, bambo mwina pang'ono kuposa ine chifukwa cha kufakitale. Ndinadabwa kuona anthu akuluakulu, ena a imvi, akukangana mochokera pansi pa mtima za zinthu zoti kulibe. Wandevu uja anati iye amalemba za maloboti chifukwa ana athu ayenera kulota za mawa, osati za kumudzi zokhazokha. Mayi wa njuzu anamuyankha kuti loboti lakelo libwere ku Harare lione, magetsi akangothima lidzaima pamsewu ngati chitsa, pamene njuzu yake sifuna kutchaja. Chipinda chonse chinaseka. Wandevu anati chabwino, lake ndi la sola. Wamasewera uja anati ndiye anthu adzaba solayo. Ndinaona kuti si mlandu ayi. Zinali ngati momwe timakanganirana pamjigo, kungoti apa wina amakupatsa nthawi yako ndipo anzako amadikira.

Koma mwana wanga sankalankhula. Akatsegula pakamwa wandevu anali atayamba kale. Ndinkafinya chikwama changa pamwendo. Mwamwayi mayi wamagalasi anaona, anakweza dzanja n'kunena kuti tsopano timve kwa wojambula wathu.

Anazimitsa magetsi ena, zithunzi za m'buku lake zinayamba kuoneka pakhoma, zikuluzikulu, iye akusintha ndi kompyuta imene inali patsogolo pake. Itaoneka kombi youluka, kondakitala akulendewerabe pachitseko m'mitambo, anthu anaomba m'manja. Utaoneka mzere wa zigubu, wina kumbuyo anati ngakhale m'tsogolo momwemo ku Mabvuku madzi kulibe, anthu n'kusekanso. Kenaka chinatuluka chilombo chija m'paipi, khoma lonse. Ndinawayang'ana bambo m'mbali. Anali atakhala mowongoka, manja pandodo yawo yoyendera.

Anafika pa tsamba loyandikira kumapeto, pamene madzi akutumphuka ana akusamba. Mayi wamagalasi anati tsamba limene iye amalikonda kuposa onse ndi lotsatiralo, tiyeni tilione.

Mwana wanga anaika dzanja pakompyuta n'kuitseka. Khoma linangoyera.

Analankhula kaye m'Chingerezi, kenaka anabwereza m'Chichewa chake chopindika chija, chimene sindinamumvepo akuchilankhula pagulu chibadwire.

"Tsamba limenelo sindionetsa pano. Agogo anga ali muno."

Anthu anayamba kutembenuka kufunafuna. Wandevu uja sanachedwe. Anati iye akulemekeza akuluakulu, koma wojambula sayenera kuopa, ndiponso bukulo likugulitsidwa patebulo panjapo, aliyense atha kulitsegula. Sindikumuda bamboyo, ankanena zimene amakhulupirira. Mwana anati n'zoona, wogula akaona yekha, ndipo iye sakukana zimene anajambula. Anafotokoza za kusukulu, za mayina amene ankatitcha, zoti anavula chilombocho nkhope chifukwa iye mwini anatopa ndi kubisala. Mawu ena ndinawamva bwino chifukwa anali okhudza ine, ngakhale sananditchule.

Kenaka anati, "Ine ndinkayesa kuti kuphimba ndi manyazi. Koma lero panja apo ndaona agogo anga akuphimba munthu amene sakumudziwa n'komwe, kuti amwe madzi mwamtendere. Sindinamvetsebe zonse. Koma sindingaike tsamba limenelo pakhoma lalikulu chonchi iwo atakhala apo."

Mayi wa njuzu anagwedeza mutu, n'kumusunthira botolo la madzi. Mayi wamagalasi anayang'ana wotchi, anati nthawi yatsala pang'ono, tilandire mafunso ochokera kwa anthu. Anachenjeza kuti likhale funso lalifupi, osati ulaliki. Anthu awiri anafunsa, wina za maloboti, wina za komwe angagule mapensulo abwino. Kenaka ndinaona ndodo ya bambo ikukwera m'mwamba.

Ndinawagwira jekete. "Bambo, chonde."

"Ndisiye."

Maiki inayenda m'manja m'manja mpaka inawafika. Anaimirira pang'onopang'ono. Anayamba ndi kupereka moni kwa amayi oyendetsa, kenaka kwa a patebulo mmodzimmodzi, kenaka kwa amayi ndi abambo onse, kenaka anatembenukira kwa a mapiko ndi a nyanga aja n'kuwapatsanso moni wawo paokha. Zonsezi m'Chichewa. Chishona amachidziwa bwino, koma tsikulo sanachifune. Mayi wamagalasi anamwetulira n'kunena kuti sekuru, funso. Anapempha mwana wanga kuti azimasulira.

"Funso lilipo," anatero bambo. Anayang'ana mdzukulu wawo, koyamba m'miyezi iwiri kumuyang'ana m'maso. "Chilombo chakocho ndachiona. Mapazi unalakwitsa. Chaima ngati munthu wodikira kombi. Chinthu chovina mpaka nthaka kung'ambika, fumbi lake lili kuti?"

Mwana anamasulira. Anthu anaseka, wandevu anaseka kuposa onse n'kumenya tebulo.

"Limenelo si funso, ndangodutsirapo," anapitiriza. "Funso ndi ili. Masamba onsewa chikuyenda chokha. Chilombo sichiyenda chokha. Pamakhala wina wochilambulira njira, wochiyang'anira chikatopa. Chako chapatsa madzi mudzi wonse. Nanga icho chikamva ludzu, waima pafupi ndani?"

Mwana anamasulira mpaka pakati, anaima, n'kumaliza. Kenaka anawayankha iwo okha, m'Chichewa, osamasuliranso.

"Sindinkadziwa, agogo. Palibe anandiuza."

"Sunafunse."

"Mukanandiuza?"

Bambo anaganiza kaye, chipinda chonse chikudikira chosamva kanthu.

"Zina ayi," anatero. "Koma chimenechi ndikanakuuza. Umujambule munthu ameneyo, akazi anga. Usachisiye chokha."

Anapereka maiki n'kukhala pansi. Mayi wamagalasi anafunsa kuti sekuru ati chiyani kumapetoko. Mwana wanga anali akupukuta m'maso ndi kakhadi kaja, akuseka. Anati, "Ati ndijambule bwino." Zinazo anazisunga. Ine ndinangoyang'ana pansi, ndinkaona nsapato za bambo zosamanga zingwe chifukwa cha kutupa, ndipo sindinathe kudzutsa mutu mpaka anthu anayamba kutuluka.

Pobwerera tinakwera kombi imodzi atatu. Bambo anakhala pakati. Njira yonse ankamunena za mapazi aja, kuti bondo lipinde chonchi, chidendene chikhale apa, iye akujambula ndi chala pakatoni. Za tsamba lomaliza sanatchule, iyenso sanatchule.

Ndimaganizabe kuti kodi wolondola anali ndani. Masiku ena ndimati bambo, masiku ena ndimati mwana, chifukwa zimene ananena za kusukulu zinali zoona, ndipo mabuku oyamba aja alipo m'nyumba za anthu ndi nkhope ya mtsikanayo poyera. Bambo bukulo sanalitsegulenso. Mwananso sanapepese, ndipo iwo sanamuuze kuti apepese. Ine ndinangoyamba kumulankhula Chichewa paliponse, mukombi, pamjigo, ngakhale mochedwa chonchi.

Patapita milungu itatu mabuku oyamba anatha, kushopu anati asindikizanso. Lamlungu masana titabwera kutchalitchi, mwana anawapempha agogo ake kuti asavule jekete. Anawaimika pakhonde pafupi ndi makina anga, anaika chigubu kumbuyo kwawo, n'kuwauza kuti alitambasule ngati tsiku lija. Anati patsamba lomaliza la buku latsopanolo padzaoneka mdala ndi jekete lake, nkhope atatembenuzira kumbali, m'munsi mukuoneka mapazi a fumbi okha ndi botolo la madzi. Zakuseri aliyense adzadziwa yekha mumtima mwake.

Bambo anaima choncho, manja m'mwamba, akuyang'ana kumpanda.

"Zigamba za m'zigongonozi usazijambule," anatero.

"Ndizijambula. Anasoka ndi amayi."

"Ndiye fulumira, akazi anga. Manja akuwawa."

Iye sanafulumire. Ine ndinadzuka pamakina, ndinapita kukawagwirira mkono umodzi m'munsi, pamene sipadzaoneka pachithunzi.